Maphunziro Apadera a Masamu ku Makwasa: Gwero Lake ndi Zotsatira Zake

Makwasa ndi dera la m'boma la Thyolo lomwe limadziwika ndi minda ya tiyi komanso mishoni ya Malamulo, yomwe mpingo wa Seventh-day Adventist unakhazikitsa mu 1902. Monga m'madera ena a m'Malawi, makolo a kuno amalipirira ana awo a sekondale maphunziro apadera a masamu, omwe anthu amangowatchula kuti "part time". Nkhani ino ikufotokoza gwero la mchitidwewu, ubwino wake ndi mavuto ake.

Poyamba, gwero lake lili m'mbiri ya maphunziro. Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Pofuna kuwonjezera malo ku sekondale, mu 1998 boma linasandutsa malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education kukhala sukulu zoyendera za CDSS. Zambiri mwa sukuluzi zinayamba ndi aphunzitsi omwe anasulidwira ntchito ya ku pulayimale, ndipo mabuku anali ochepa. Phunziro la masamu ndilo linakhudzidwa kwambiri, poti mutu uliwonse umatsamira pa unzake. Mwana amene sanamvetse aljebura ku Fomu 1 amavutika ndi magirafu ku Fomu 3.

Chachiwiri ndi mphamvu ya mayeso a MSCE, omwe bungwe la MANEB limalembetsa. Pa mayesowa mapointi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, pomwe 9 ndi kulakwa. Wofuna uinjiniya ku Malawi University of Science and Technology, yomwe inatsegulidwa ku Ndata m'boma lomweli mu 2014, sangalowe popanda kirediti ya masamu. Maphunziro azaumoyo, monga a ku Malamulo College of Health Sciences, nawonso amafuna munthu wokhoza sayansi, yomwe imadalira masamu. Choncho kusiyana kwa 6 ndi 7 kungathe kusiyanitsa wopita ku koleji ndi wotsala m'munda wa tiyi.

Kodi mphunzitsi wapadera amathandiza bwanji? Mwana wa wothyola tiyi amadziwa kuti malipiro amakwera potengera makilogalamu omwe munthu wathyola kupitirira muyeso wa tsiku. Akhoza kuwerengetsera zimenezi m'mutu. Koma nkhani yomweyo ikalembedwa m'Chingerezi, ndi zilembo x ndi y, amasokonezeka. M'kagulu kochepa, mphunzitsi amapeza mpata wofotokoza m'Chichewa kuti x ndi makilogalamu owonjezera ndipo y ndi malipiro onse, kenaka n'kuona pomwe mwanayo akuphonyera. M'kalasi yodzaza, nthawi yotere siipezeka.

Komabe mchitidwewu uli ndi mavuto. Loyamba ndi ndalama. Ntchito yothyola tiyi imachuluka m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ikachepa mabanja a antchito aganyu amasowa cholipirira. Mwana wa kalaliki kapena kapitawo amapitiriza, wa wothyola amalekezera panjira. Lachiwiri limabuka pamene wophunzitsa madzulo ndi yemweyo wophunzitsa m'mawa, poti angayesedwe kusungira olipira mitu yovuta. Lachitatu limagwera atsikana, omwe madzulo amayembekezeredwa kutunga madzi ndi kuphika, ndiponso makolo amaopa kuti aziyenda mtunda wautali kutada. Katswiri wa maphunziro, Mark Bray, anafanizira maphunziro oterewa ndi chithunzithunzi cha sukulu mu 1999, ndipo anachenjeza kuti amakulitsa kusiyana kwa olemera ndi osauka.

Pomaliza, kholo lofuna kulipira liyenera kufunsa zinthu zitatu: kukula kwa gulu, ngati mphunzitsi amachonga ntchito ya mwana aliyense, komanso ngati amafotokoza njira kapena amangoloweza ana mayankho a mayeso akale. Kumene ndalama kulibe, ophunzira angathe kupanga magulu okambirana, pomwe wodziwa amathandiza anzake kwaulere. Koma mankhwala enieni ndi aphunzitsi a masamu osulidwa bwino ndi mabuku okwanira m'sukulu za CDSS, kuti tsogolo la mwana wa ku Makwasa lisadalire kulemera kwa dengu la mayi ake.