Pamphumi mafuta, m'masaya mbuu: nkhope yotere mungaisamale bwanji?

Ikamakwana 12 koloko masana, mphumi ndi mphuno zimakhala zikunyezimira ngati mwadzola mafuta ophikira. Koma mukagwira m'masaya, khungu lili gwaa, lotuwa, mwinanso likufunduka. Mukadzola mafuta ambiri kuti masaya afewe, ziphuphu zimabuka pamphumi. Mukaleka kudzola, anzanu kuntchito amayamba kukufunsani ngati mwasamba.

Ngati izi zimakuchitikirani, dziwani kuti si matenda. Ndi mmene khungu la anthu ambiri, amayi ndi abambo omwe, lidalengedwera.

Mkati mwa khungu muli timatumba ting'onoting'ono totulutsa mafuta achilengedwe. Timatumbati tidachuluka pamphumi, pamphuno ndi pachibwano kusiyana ndi m'masaya. Kuchuluka kwa mafutawo kumayendera mtundu wa kwanu komanso mahomoni, n'chifukwa chake vutoli limakula munthu akamatha msinkhu, ndipo kwa amayi ena limawonjezeka akatsala pang'ono kupita kumwezi.

Nyengo nayo imasonkhezera. Mu Juni ndi Julayi, mphepo ya mwera ikamawomba, masaya ndiwo amavutika. Ikafika Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, mphumi ndiyo imatenga malo.

Kuti mutsimikize, sambani kumaso, musadzole kanthu, mudikire ola limodzi. Kenaka gunditsani kapepala kofewa pamphumi, kena patsaya. Ngati koyambako katuluka ndi mafuta pomwe kachiwiriko kali kouma, ndiye kuti nkhope yanu ili ndi zikhalidwe ziwiri.

Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa: timafuna chinthu chimodzi chothana ndi nkhope yonse. Ine ndemwe, ndili pasukulu, ndinkasamba kumaso kanayi patsiku ndi sopo wochapira zovala, n'kumakhula ndi chinkhupule poganiza kuti mafutawo ndi litsiro. Mphumi inkauma kwa maola awiri okha, mafuta n'kubwereranso, koma masaya adasweka mpaka kumawawa ndikamaseka.

Chifukwa chake n'chakuti khungu la munthu lili ndi kaasidi pang'ono komwe kamaliteteza. Pamuyeso wa pH limakhala cha m'ma 5, pomwe sopo wamtanda wamba amafika pa 9 kapena 10. Sopo wotere amakokolola mafuta onse, ngakhale ochepa omwe masaya amadalira.

Choncho kawiri patsiku n'kokwanira, m'mawa ndi madzulo, ndi madzi ofunda pang'ono osati otentha. Sopo akhale wofewa, wopanda fungo lamphamvu. Gwiritsani ntchito zala zanu, ndipo popukuta muzingogunditsa thaulo, osakhula.

Podzola ndi pomwe pafunika nzeru. Dzolani khungu lisadaumiretu. Loshoni wopepuka apite nkhope yonse, pang'ono chabe pamphumi ndi pamphuno. Mafuta olemera, monga Vaseline, apite m'masaya mokha, nawonso kadontho. Girisilini yemwe timakonda nthawi yozizira ndi wabwino chifukwa amakoka chinyezi, koma muzimusakaniza ndi madzi kapena loshoni m'manja, apo ayi amanata n'kumagwira fumbi.

Amene thumba likuwalola angathe kufunsa kufamase mankhwala osambira okhala ndi salicylic acid. Awa amatsegula timabowo totsekeka ndi mafuta, koma ndi apamphumi, pamphuno ndi pachibwano basi, kawiri kapena katatu pamlungu poyamba. Masana mphumi ikayamba kuwala, igunditseni ndi kapepala m'malo mothira paudala pamwamba pa paudala.

Osaiwalanso kumutu. Mafuta omwe amatipaka kusaluni amatsetserekera pamphumi, enanso amatsalira pa duku ndi pa pilo. Ziphuphu zambiri zondanda m'mphepete mwa tsitsi gwero lake ndi limeneli.

Pali ena amati khungu lakuda silifuna zodzitetezera kudzuwa. Zoona zake n'zakuti chiphuphu chikapola pakhungu lathuli chimasiya banga lakuda, ndipo dzuwa limalidetsa kwambiri bangalo. Mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 amathandiza, ndipo chipewa kapena ambulera nazo si zonyozeka.

Mabanga amenewa ndiwo amakankhira atsikana ambiri kumabenchi a mumsika, komwe amagula timachubu toyeretsa khungu. Tambiri mwa timeneti timakhala ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol, betamethasone kapena hydroquinone, amene dziko la South Africa lidaletsa m'zodzoladzola mu 1990. Masabata oyamba nkhope imasalala, munthu n'kumayamikiridwa. Pakapita miyezi khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu zimabwera zochuluka kuposa kale, ndipo ena masaya amada bii, osabwereranso. Madzi a ndimu, soda ndi mankhwala otsukira mano, zomwe anzathu amatiuza kuti zimaumitsa ziphuphu, nazo zimawotcha khungu.

Chilichonse chatsopano chiyeseni kaye kuseri kwa khutu kwa masiku angapo, ndipo muchipatse mwezi kapena iwiri musadanene kuti sichikugwira ntchito.

Koma ngati m'mbali mwa mphuno, m'nsidze ndi m'mutu mukutuluka mfundu, pakuyabwa kapena pakufiira, imeneyo ingakhale nthenda yapakhungu yofuna mankhwala akeake. Pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi. Zikavuta, iwo angakutumizeni kwa madokotala a khungu ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.