Mitundu ndi Zilembo: Nkhope ya Pulogalamu ya Pafoni

Munthu timamudziwa ndi nkhope. Chimodzimodzinso mapulogalamu a pafoni. Tikaona kufiira timati ndi Airtel Money, tikaona buluu timati ndi Facebook, dzina tisanaliwerenge n'komwe. Ndikufuna ndifotokoze m'mene akatswiri amasankhira nkhope imeneyi.

Choyamba ndi mtundu. Kawirikawiri amasankha mtundu umodzi waukulu ndi ina iwiri kapena itatu yothandizira, chifukwa ikachuluka maso amasokonezeka. Amaganiziranso anthu amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, vuto limene limapezeka kwambiri mwa amuna. Mark Zuckerberg, yemwe anayambitsa Facebook mu 2004, ali ndi vutoli, ndipo ananena mu 2010 kuti buluu ndiwo mtundu umene amauona bwino. Choncho pulogalamu yotumizira ndalama isangoonetsa kubiriwira ndalama zikapita ndi kufiira zikakanika. Iwonjezerepo mawu, kuopa kuti wina angatumize kawiri.

Chachiwiri, zilembo zisiyane bwino ndi mtundu umene zakhalapo. Bungwe la W3C limalangiza kuti kuwala kwa ziwirizi kusiyane ndi muyeso wosachepera 4.5 kwa 1. Zilembo zachikasu pamalo oyera zingakongole m'nyumba, koma mayi amene ali pamsika dzuwa likuswa mtengo sangaziwerenge. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chachitatu ndi kaumbidwe ka zilembo. Zina zili ndi timichira kumapeto, monga Times New Roman imene inayamba kugwiritsidwa ntchito m'nyuzipepala ya The Times ku London mu 1932. Zina zilibe timichira, monga Roboto imene inatuluka mu 2011 pa mafoni a Android. Pagalasi laling'ono zopanda timichira ndizo ambiri amakonda, ndipo Google inachotsa timichira pa dzina lake mu 2015. Wosankha ayesenso ngati 1, l ndi I zikusiyana, komanso 0 ndi O, pakuti kuphonya nambala imodzi n'kutaya ndalama. Ife a Chichewa tionenso ngati chilembo cha ŵ chilimo, chifukwa chikasowa dzina loti Malaŵi limatha kutuluka ndi kabokosi pakati.

Pomaliza, nkhope ikasankhidwa isamasinthidwe wamba. Instagram itasiya chithunzi chake chakale cha kamera mu 2016, anthu ambiri anadandaula chifukwa anali atachizolowera. Mbava nazo zimadziwa mphamvu ya chizolowezi, n'chifukwa chake zimabera mitundu ya makampani odziwika pofuna kupusitsa anthu. Langizo langa kwa inu makolo ndi ili: mtundu ukukopeni, koma musanalembe nambala yanu yachinsinsi, yambani mwawerenga dzina bwinobwino.