Ophunzira Athandizane Okhaokha Kutula Nkhawa

Abale ndi alongo otsogolera makalasi a kuwerenga ndi kulemba, nonsenu mudamuonapo wophunzira amene thupi lili pabenchi koma mtima uli kutali. Mukamufunsa chilembo chimene dzulo anachitchula bwinobwino, angoti kukamwa yasa. Msanga timati ndi ulesi kapena kuuma mutu, chonsecho kawirikawiri ndi nkhawa. Munthu wolemedwa mumtima saphunzira, ndipo amene amalephera lero mawa sabweranso.

Kuno ku Mecanhelas zodetsa nkhawa sizisowa. Madzi akamiza minda m'madambo a Chiuta ndi Chilwa, monga muja zidachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023, mwana amadza kusukulu atagona ndi njala. Akulu ambiri a m'makalasi athu sukulu idawapita ali kothawa nkhondo ku Malawi. Mtendere utabwera mu 1992 adabwerera ali kale ndi mabanja, ndipo kufikira lero ena amachita manyazi kugwira pensulo pamaso pa adzukulu awo.

Nanga katundu wotereyu angamutule ndani? Mphunzitsi yekha sangathe. Apa tiphunzirepo pa ntchito ya Geração Biz, imene idayamba mu 1999 ku Maputo ndi ku Zambézia, kenaka n'kufalikira m'zigawo zonse, ndi Niassa yemwe. M'sukulu ankasankha anyamata ndi atsikana, n'kuwaphunzitsa kuti akhale maactivista. Iwowa ndiwo ankatsogolera zokambirana, masewero ndi mpira, kucheza ndi mnzawo payekha, ndi kumulozera kuchipatala nkhani ikakula. Cholinga chachikulu chidali kupewa Edzi ndi mimba zaubwana, koma nzeru yake ndi yoti tiitole: mwana amaulula kwa mnzake zimene sangayerekeze kuuza mphunzitsi. Akulunso ndi chimodzimodzi.

Tsono m'makalasi mwathu tingachite izi.

Choyamba, mphindi khumi zoyambirira zikhale za ophunzira. Sabata iliyonse asankhe okha wowatsogolera. Wina adza ndi nyimbo, wina nthano, wina chilapi. Inu khalani pansi ngati mmodzi wa iwo. Akaseka pamodzi mantha amachoka, ndipo wosadziwa kulemba amaona kuti nayenso ali nacho chopatsa anzake.

Chachiwiri, akhale awiriawiri. Wina akajomba kawiri, mnzakeyo apite kukamuona, osati kukamudzudzula ayi, koma kukamva chimene chagwa. Mayi wina wa m'kalasi limene ndinkayendera adasowa masabata atatu. Ine ndimati watopa nazo. Mnzake ndiye adakapeza kuti mwamuna akudwala, munda wagonera. Anzake adakamupalira Loweruka limodzi, Lolemba lake mayiyo adali pabenchi.

Chachitatu, kamodzi pamwezi apeke sewero la vuto limene alisankha okha: ngongole, mowa, mayeso, kapena ukwati wokakamiza. Zimene munthu sangazinene ndi dzina lake amazinena mosavuta akavala chipewa cha wina. Pomaliza lembani pabolodi mawu asanu otuluka m'sewerolo, akhale phunziro la tsikulo.

Komabe pali malire. Zimene wina waulula zisamveke kuchitsime kapena padooko, chifukwa chinsinsi chikangoululika kamodzi, palibenso adzatsegule pakamwa. Ndiponso wophunzira si dokotala. Mnzake akamalankhula zodzipha, akamamenyedwa kunyumba, kapena mtsikana akamakakamizidwa banja, nkhaniyo ifike kwa inu tsiku lomwelo, ndipo inu muifikitse kuchipatala kapena kwa akuluakulu a boma. Kumbukirani kuti lamulo la 2019 lidaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18.

Ena mudzati nthawi ya phunziro ichepa. Ndi zoona, mphindi khumi zipita. Koma tawerengani maina amene mudalemba poyamba chaka, muwerengenso amene atsala lero. Yesani mwezi umodzi, kenaka mutilembere zimene mwaona.