Ngozi ya lole ikachitika: ntchito ya gadiyani pachipatala

Msewu wa M5 wochoka ku Kaphatenga kulowera ku Nkhotakota anthu a ku Kuti, m'boma la Salima, amaudziwa bwino. Malole a nzimbe, feteleza ndi chimanga amapanikizana ndi akabaza komanso anthu oyenda pansi. Ngozi ikachitika, wovulala amamukweza galimoto iliyonse imene yaima n'kuthamangira naye ku chipatala cha boma cha Salima. Kuyambira pamenepo moyo wake uli m'manja mwa achipatala, komanso m'manja mwa wachibale kapena mnansi amene wamuperekeza, uja timati gadiyani. Zolakwika zina zoopsa kwambiri zimabwera chifukwa chakuti zimene gadiyani akudziwa sizidafike kwa amene akuthandiza wodwalayo.

Ntchito imayambira pamsewu pomwepo. Munthu wogundidwa ndi lole akhoza kukhala atathyoka khosi kapena msana, choncho musamunyamule chopinda. Mugonekeni pathabwa, ngakhale pachitseko, wina atagwira mutu kuti usagwedezeke. Pamene pakutuluka magazi dinikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera. Musamupatse madzi, thobwa kapena phala, ngakhale atapempha chotani, chifukwa akafunika kulowa m'fiyeta, zimene zili m'mimba zikhoza kubwerera n'kumutsamwitsa atagonekedwa tulo.

Kuchipatala ovulala saonedwa potengera amene wafika msanga. Amayamba ndi amene imfa yamuyandikira, ndipo kwa munthu aliyense amatsata ndondomeko imodzi: njira ya mpweya ndi khosi, kapumidwe, kutaya magazi, ubongo, kenako thupi lonse. N'chifukwa chake mwendo wothyoka, ngakhale ukuoneka mochititsa mantha, ukhoza kudikira. Amene akukuwa ndiye kuti akupuma. Woopsa ndi uja wangoti zii pakona, thukuta lili kamukamu, milomo itatuwa. Mukamuona akusintha motero, musakhale chete poopa kukalipiridwa. Pitani kwa namwino mukanene kuti, "Anesi, m'bale wangayu amayankhula, pano sakuyankhanso." Ndipo chithandizo chadzidzidzi sichiyenera kudikira kalata ya kupolisi. Lipoti la apolisi lidzafunika pa mlandu ndi chipukuta misozi cha inshuwalansi, koma limenelo wina akhoza kulitsatira wodwala akuthandizidwa.

M'zipatala za maboma, amene amaona ovulala nthawi zambiri ndi ma clinical officer, ndipo ngozi ya lole ikhoza kuwabweretsera anthu khumi nthawi imodzi. Iwo sadaone ngoziyo. Auzeni nthawi imene yachitika, ngati munthuyo adapondedwa, adaponyedwa patali kapena adapanikizika, ngati adakomoka ngakhale pang'ono, ngati wasanza, komanso nthawi imene adadya komaliza. Perekani buku lake la kuchipatala. Nenani ngati amamwa ma ARV, mankhwala a shuga, a BP kapena a khunyu, ngati ali woyembekezera, komanso ngati pali mankhwala amene amamutulutsa zidzolo, monga Bactrim kapena penisilini. Ngati adamwa mowa, nenaninso, koma musalole kuti kusokonezeka kwake kungotengedwa ngati kuledzera. Munthu woledzera nayenso amavulala m'mutu.

Mabala amene amaphonyedwa kawirikawiri ndi osaoneka. Kuno kunyanja malungo ndi ambiri, ndipo anthu ena kapamba wawo adakula chifukwa chodwala malungo pafupipafupi. Kapamba wotere amaphulika msanga akagundidwa kumanzere pansi pa nthiti. Munthu amatha kuyenda yekha, kumacheza, magazi akukhuthukira m'mimba. Mimba ikayamba kuuma kapena kufufuma, phewa lakumanzere likamapweteka, chizungulire chikamabwera akadzuka, itanani adokotala nthawi yomweyo. M'mutu namonso zimatero: munthu amakomoka, n'kutsitsimuka, n'kumaoneka kuti ali bwino, koma patapita maola tulo tachilendo n'kumugwira. Choncho pemphani kuti amuonenso thupi lonse, ndi kumsana komwe, zinthu zikadekha kapena pa raundi ya m'mawa. Mafupa ang'onoang'ono othyoka a m'manja ndi m'mapazi nthawi zambiri amadziwika pa ulendo wachiwiriwu.

Wovulala kwambiri m'mutu, msana kapena m'chiuno amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14. Kumeneko kuli madokotala a opaleshoni, komanso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Nkhani ya wodwala imatayika mosavuta pa ulendowu. Musanakwere ambulansi, onetsetsani kuti kalata yotumizira wodwala ilipo, zithunzi za X-ray mwatenga, ndipo mankhwala amene wabayidwa alembedwa. Gadiyani amene adaona chiyambi ndiye apite naye. Mukasinthana, fotokozeranani zonse.

Ngati akumuika magazi, namwino amayenera kufananitsa dzina la wodwala ndi zolembedwa pa thumba la magaziwo. M'dera mwathu a Banda ndi a Phiri ndi ambiri, ndipo awiri akhoza kugona mabedi oyandikana, choncho tchulani maina onse a wodwala wanu nthawi iliyonse akamabayidwa kapena kupita kufiyeta. Akayamba kunjenjemera kapena kubanika magazi akulowa, nenani msanga. Chimodzimodzi ndi chikhakha: chikathina, zala zimatupa, zimachita dzanzi, ndipo ululu umakulirakulira ngakhale atamwa mankhwala. Zimenezi si zodikira kuti kuche, chifukwa mkono kapena mwendo ukhoza kufa m'maola ochepa. Funsaninso za jakisoni wa kafumbata ngati bala lidalowa dothi.

Mukaona kuti wodwala wanu wanyalanyazidwa kapena walakwiridwa, yambani ndi namwino wamkulu wa wodiyo. Zikakanika, m'zipatala za boma muli ofesi ya Hospital Ombudsman imene imamva madandaulo a odwala kwaulere. Nkhani zazikulu zokhudza madokotala ndi ma clinical officer zimapita ku Medical Council of Malawi, pomwe za anamwino zimapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Kumeneko adzakufunsani tsiku, nthawi, wodi ndi zimene zidachitika, choncho muzilemba zimenezi m'kope mukadali kuchipatala, ndipo buku la wodwalayo mulisunge bwino.