Mawu Ofotokozera "Cloud" pa Misonkhano ya Ogwiritsa Ntchito Makompyuta mu Lusaka

1.0 Mawu Oyamba

Cholinga cha nkhani ino ndi kuunika momwe Chinyanja chingafotokozere luso la makompyuta lotchedwa cloud computing, lomwe limakambidwa kawirikawiri pa misonkhano ya akatswiri ndi ophunzira mu mzinda wa Lusaka. Mfundo yathu ndi yakuti liwu lakuti "mtambo", ngakhale likumasulira liwu la Chingerezi molondola, limabisa chenicheni chomwe chimachitika, pamene mneni "kusungitsa" amachiwulula.

2.0 Chiyambi cha Misonkhanoyi

Dziko la Zambia lidalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mu ZAMNET, kampani yomwe idabadwira pa University of Zambia. Pa nthawiyo bungwe la Computer Society of Zambia ndilo linkasonkhanitsa akatswiri, ndipo lamulo la mu 2018 lidakhazikitsa bungwe la ICTAZ m'malo mwake. Mu 2011 mudatsegulidwa BongoHive, malo okumanirapo achinyamata olemba mapulogalamu, ndipo mu 2012 mudayamba Asikana Network, gulu lolimbikitsa amayi ndi atsikana pa luso lomweli.

Pa misonkhano yotere wokamba nkhani amayankhula Chingerezi. Koma omvera ake akabwerera ku Emmasdale, ku Kabwata kapena ku Chelstone, amakafotokozera makolo, makasitomala ndi ana asukulu m'Chinyanja cha m'tauni. Apa ndi pomwe mawu atsopano amabadwira, popanda komiti yowavomereza.

3.0 Kodi "Cloud" N'chiyani?

Mwachidule, ndi kugwiritsa ntchito makompyuta a kampani ina, omwe ali kutali, kudzera pa intaneti, n'kumalipira molingana ndi zomwe munthu wagwiritsa ntchito. Makompyutawo, omwe amatchedwa maseva, amasungidwa m'nyumba zikuluzikulu zofuna magetsi osazima ndi makina oziziritsa. Kampani ya Amazon idayamba kubwereketsa maseva mwa njirayi mu 2006. Microsoft idatsegula malo otere ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, ndipo Amazon idatsegula ake ku Cape Town mu 2020. Dzina la mtambo lidachokera ku chizolowezi cha akatswiri chojambula kamtambo pofuna kuimira gawo la netiweki lomwe sadafune kulilongosola.

4.0 Njira Zitatu Zotchulira

Njira yoyamba ndi kubwereka liwu. Chinyanja chili ndi luso lolandira mawu achilendo, monga adaonetsera Mubanga Kashoki pa kafukufuku wake wa mawu obwereka m'ziyankhulo za m'Zambia. Mayina amalowa m'magulu a mayina: kompyuta, makompyuta, seva, maseva. Aneni amalandira ku- kumayambiriro ndi -a kumapeto: kutayipa, kupulinta. Motero "kilaudi" ndi liwu lotheka. Vuto lake ndi lakuti kwa munthu wosadziwa Chingerezi silinena kanthu.

Njira yachiwiri ndi kumasulira liwu ndi liwu. Chiganizo chakuti "zithunzi zanga zili mumtambo" n'cholondola pa malamulo a chiyankhulo, koma tanthauzo lake likusokeretsa. Mtambo ulibe mwini, ulibe malire a dziko, suuzidwa zochita ndi khoti, ndipo sulipiritsa. Maseva ali ndi zonsezi.

Njira yachitatu ndi kufotokoza ntchito yake. Tsinde -sung- likalandira -its- limapereka "kusungitsa", kutanthauza kupereka chinthu kwa wina kuti akusungire. Taonani kusiyana uku:

(a) Ndasunga mafayilo pa foni.
(b) Ndasungitsa mafayilo ku Google.

Mu (a) wosunga ndi mwini yemwe. Mu (b) mneni yekha akusonyeza kuti pali anthu awiri, mwini ndi wosunga. Aliyense yemwe adasungitsapo ndalama, mbuzi kapena matumba a chimanga kwa mnansi amadziwa mafunso oyenera kufunsa: wosungayo ndi wokhulupirika? Akusungira kuti? Nanga ndikafuna katundu wanga, ndimupeza? Mafunso omwewa ndiwo mutu wa nkhani pa misonkhano ija. Pa mbali ya kugwiritsa ntchito mphamvu za maseva, mawu akuti "kuchita lendi", odziwika kwa aliyense wokhala m'nyumba ya eni mu Lusaka, akukwanira.

5.0 Kufunika kwa Nkhaniyi

Kusankha liwu kuli ndi zotsatira. Lamulo la Data Protection Act la mu 2021 lidalamula kuti mbiri za anthu zisungidwe pa maseva a m'dziko la Zambia, kupatula pomwe lamulolo lalola. Mwini kasitolo ku Emmasdale yemwe wauzidwa kuti manambala a makasitomala ake ali "mumtambo" alibe chifukwa chofunsira dziko lomwe ali. Koma akauzidwa kuti wawasungitsa, funso lakuti "kwa yani, kuti?" limabwera lokha.

6.0 Mawu Omaliza

Tikupempha aphunzitsi a chiyankhulo ndi olemba madikishonale kuti, polemba "kilaudi" kapena "mtambo", azitsatiza tanthauzo logwiritsa mneni "kusungitsa". Tikupemphanso ochita kafukufuku kuti azipezeka pa misonkhano ya magulu amenewa, n'kulemba momwe omvera amafotokozerana nkhani ikatha, pakuti mawu omwe adzakhazikike m'Chinyanja akusankhidwa kumeneko.