Chadiza: kaloba wa mu Febuluwale amayambira mu Juni

Mwezi wa Meyi ukafika m'midzi ya mafumu Zingalume, Mlolo ndi Mwangala m'boma la Chadiza, masikelo amayamba kulendewera m'mitengo ya m'mbali mwa misewu. Chimanga chimakhala chisanaumitsitse, bungwe la boma la FRA lisanatsegule misika yake, koma ngolo zayamba kale kutuluka m'midzi zitadzaza matumba. Ogulitsa nthawi imeneyi sikuti sadziwa kuti mtengo wake ndi wolira. Amadziwa. Koma pakhomo pamakhala pali munthu amene akuwadikira, yemwe anawabwereka ndalama ufa utatha mu Febuluwale.

Ameneyo ndiye mwini kaloba, ndipo masamu ake ndi osavuta. Tiyerekeze kuti mwatenga K500 pa mgwirizano wofala uja woti pakutha mwezi muwonjezerepo theka. Mwezi ukatha mukufunika kubweza K750. Mukalephera, phindu lija limasanduka gawo la ngongole, ndipo mwezi wachiwiri mwafika pa K1,125. Mu 2025 FRA inkagula thumba la makilogalamu 50 pa K340, kutanthauza kuti K500 ija yadya matumba atatu ndi kuposerapo, ndipo kwa venda wa mu Meyi, amene mtengo wake umakhala wotsikirapo, idya ochuluka. Lamulo la Money Lenders Act limaona chiwongola dzanja choposa 48 peresenti pachaka kukhala chonyanyira, moti khoti likhoza kuchichepetsa. Pachaka, osati pamwezi. Koma ndi angati amene angatengere kukhoti munthu amene amapemphera naye mpingo umodzi, yemwenso adzamufune chaka chamawa?

Chaka cha 2024 chinakulitsa bala limeneli. Mvula inadula pakati pa dzinja, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Zambia inakolola chimanga matani pafupifupi 1.5 miliyoni okha, ndipo thumba la ufa woyera la makilogalamu 25 linadutsa K300. Mabanja anagulitsa mbuzi, nkhumba, ena mpaka ng'ombe zolimira. Chaka chotsatira dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni, koma kwa wangongole zokolola zambiri si mpumulo wonse: chimanga chikachuluka venda amatsitsa mtengo, ndipo ambiri amene anapereka chimanga ku FRA anadikira malipiro awo kwa miyezi.

Alangizi a zachuma amakonda kunena kuti wangongole achepetse zogula. Mawuwo ndi oona, koma kawirikawiri amanenedwa pa nthawi yolakwika. Mu Febuluwale palibe chochepetsa. Nsima yatsika kale kufika kamodzi patsiku, ana akugonera maungu, bambo ndi mayi ali pa ganyu m'munda wa wina pamene wawo ukumera tchire. Kuuza banja lotere kuti lisamale ndalama n'kuliseka. Nthawi yokhayo imene banja la mlimi lili ndi choti lichepetse ndi kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene ndalama za soya, nshawa, mpendadzuwa, thonje ndi fodya zili m'manja. Ndipo imeneyi ndiyo nthawi imene palibe amafuna kumva za kudziletsa.

Aliyense amene anakhalapo pa msika wa pa boma la Chadiza m'miyezi imeneyi akudziwa kumene ndalama imalowera. Ina imapita pabwino: malata, njinga, matiresi, sola. Ina imathera pa mowa wogulira gulu lonse, pa foni yatsopano pamene yakale ikugwirabe ntchito, ndi pa kubetcha mpira wa ku England, kumene masiku ano sikufunanso kupita ku Chipata chifukwa kuli m'thumba la mnyamata aliyense. Kenaka pamabwera miyambo. Chilimwe ndi nyengo ya maukwati, zinamwali, ziliza, komanso ulendo wa ku Mkaika m'boma la Katete kukalambira Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti. Palibe Mchewa wanzeru anganene kuti izi zithe. Maliro sapangana tsiku, ndipo amene sapita kumaliro a anzake adzaona yekha tsiku lake. Koma chiliza chimadikira. Malemu sadzadandaula ngati simenti yagulidwa chaka chamawa, ngongole ya amoyo itatha.

Mabanja amene amatuluka mu kaloba nthawi zambiri sachita zodabwitsa. Amayamba ndi nkhokwe, asanagulitse ngakhale meda imodzi. Ngati thumba limodzi limatha milungu itatu panyumba panu, chaka chikufuna matumba 17 kapena 18, kuwonjezapo ena a pamaliro ndi alendo. Amenewo athiridwe mankhwala a anankafumbwe kapena asungidwe m'matumba osalowa mpweya, ndipo aiwalike. Chimanga chimene mugulitsa motchipa mu Meyi ndi chomwecho chimene mudzachigule modula mu Januwale, mwina kwa munthu yemweyo, ndi ndalama ya kaloba.

Pambuyo pa nkhokwe, pamabwera K400 imene mlimi wa pa ndondomeko ya boma ya FISP amasonkha kuti alandire feteleza ndi mbewu. Ndi ndalama yochepa mu Julayi, koma yaikulu zedi mu Okutobala, ndipo alipo amene amalowa kaloba chifukwa cha iyo yokha. Za sukulu nazonso zipatulidwe. Kuyambira Januwale 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere mpaka kusekondale, komabe yunifolomu, nsapato, makope ndi ndalama ya ana ogonera konko zikadali pamsana pa kholo, ndipo zimafunika mu Januwale momwemo, mwezi umene m'nyumba mulibe kanthu.

Pa ngongole zenizenizo, si zonse zimaluma mofanana. Anthu amathamangira kubweza amene akuchita phokoso kwambiri, pamene woyenera kuyamba ndi amene ngongole yake ikukula msanga. Kaloba ayambe. Zitsatire ngongole za pa foni, zimene zimabwera mwachangu munthu atangodina manambala, popanda mboni, popanda ngakhale mkazi kapena mwamuna wake kudziwa. Ngongole ya mbewu ndi mankhwala ya kampani ya thonje kapena fodya imadulidwa yokha pogulitsa. Kuzembetsa mbewuzo kwa venda kumangotseka khomo la chaka chamawa.

Banki ya m'mudzi ndi nkhani yofunika kuikhalira pansi. Magulu amenewa athandiza amayi ambiri kugula mbuzi, kufolera nyumba ndi kuyamba kugulitsa tomato, ndipo ubwino wake ndi woti chiwongola dzanja chimabwerera kwa eni ake tsiku logawana. Vuto limayamba mayi akalowa magulu atatu, n'kumatenga uku kukabweza uko. Pamenepo palibe bizinesi, ndalama ikungozungulira, ndipo ikamazungulira ikuchepa. Mapeto ake timawadziwa: anzake omwe ankaimba nawo kwaya abwera kudzanyamula ziwiya, ndipo mayiyo athawira kwa abale kutsidya la malire ku Mozambique. Gulu limodzi ndi lokwana, ndipo ndalama yobwereka kumeneko ipite pa chinthu chobala ndalama, osati pa chitenje cha ukwati.

Palinso kudontha kwina kosaoneka. Wogula pamela wa ufa tsiku ndi tsiku, mafuta a m'kapulasitiki ndi sopo wodula pakati amalipira zambiri pamwezi kuposa wogula kamodzi. Kuno kumene mpendadzuwa umalimidwa, kusunga matumba awiri okayengetsa mafuta kumachotsa ndalama ya mafuta ophikira kwa miyezi, ndipo gaga wake amadyetsa nkhumba ndi nkhuku. Amene ali ndi dimba m'mbali mwa mtsinje wa Nsadzu kapena padambo lililonse sayenera kugula repu.

Zonsezi sizitheka ngati ndalama ili ndi mwini mmodzi. M'nyumba zambiri amalima awiri, kupalira awiri, koma kumsika amapita bambo okha, n'kubwera ndi nkhani yoti sikelo inaba. Amayi nawo ali ndi ngongole yawo ya kugulu imene bambo sadziwa. Kukhala pansi usiku umodzi, kulemba m'kope la mwana dzina la aliyense amene muli naye ngongole, ndalama zake ndi tsiku lake, n'kowawa, koma ngongole imene mnzako wa m'nyumba saidziwa sangakuthandize kubweza.

Tisanamizire alimi okha. Pa boma pali aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'maofesi amene malipiro awo amafika atadulidwa kale ndi mabanki ndi makampani obwereketsa, ena khadi lawo la ATM limagona kwa mwini kaloba. Vutoli linakula mpaka mu 2021 boma linayesa ndondomeko yosinthanitsa ngongole za ogwira ntchito m'boma ndi ndalama zimene linali lisanawalipire. Ngakhale dziko lenilenilo linagwa m'dzenje lomweli: mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongola dzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole yake ya Eurobond. Silinathawe. Linakhala pansi ndi amene linawakongola, ndipo mu Juni 2023 maiko obwereketsa anavomera kutalikitsa nthawi yobwezera madola 6.3 biliyoni.

Munthu wa kwa Mlolo angathe kuchita chimodzimodzi. Pitani kwa mwini ndalama tsiku lisanakwane, musadikire kuti akupezeni. Tengani mboni, makamaka a nyakwawa kapena mkulu wa mpingo. Pemphani kuti phindu liime pamene lafika, mugwirizane zobweza pang'onopang'ono, ndipo zilembedwe papepala aliyense asainire. Obwereketsa ambiri amavomera, chifukwa kulandira pang'ono mwezi ndi mwezi kuli bwino kuposa kusakasaka munthu wothawa.

Kwa a nyakwawa a m'Chadiza, milandu ya kaloba imafika pabwalo lanu chaka chilichonse. Musamangolamula kuti wobwereka alipire. Muzifunsanso kuti anatenga zingati, ndipo wabweza kale zingati.