CIZINDIKIRO COBISIKA M'MWAZI

Madzulo ano tikamba za kansa ya m'mwazi, ndi m'mene madotolo adziwira kuti nthendayi ifuna kubweranso.

Thupi la munthu limangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono tochedwa maselo, ndipo m'selo muli timaulusi 46 tosunga malamulo a thupi. M'caka ca 1960 Peter Nowell ndi David Hungerford a ku Philadelphia, m'dziko la America, anaona kuti odwala mtundu wina wa kansayi, wochedwa CML, ali ndi kaulusi kamodzi kofupika. Mu 1973 Janet Rowley wa ku Chicago anapeza cifukwa cace: kaulusi ka nambala 9 ndi ka nambala 22 tinaduka, nitisinthana zidutswa. Pamfundo pamenepo pabadwa lamulo loipa, dzina lace BCR-ABL, louza maselo oyera a mwazi kuti aswane kosaleka. Cilema cimeneci munthu sacilandira kwa makolo ace, ndiponso sapatsira mnzace ai.

Mu 2001 analoleza mankhwala ochedwa imatinib, amene atsekereza lamulo lija, ndipo odwala ambiri akhala ndi moyo zaka zambiri. Koma kupeza bwino sindiko kucira. Inu a ku mgodi mudziwa kuti woyesa miyala apeza mkuwa m'mwala umene ife tiuona ngati wacabe. Momwemonso dotolo atenga mwazi pang'ono, nauyesa ndi njira yochedwa PCR, imene ikhoza kupeza selo limodzi loipa pakati pa maselo 100,000. Cizindikiro cikamka cicepa, mankhwala ali kugwira nchito. Cikayamba kukwera, nthenda iri m'njira, cinkana munthu ali wamphamvu ndipo asewera mpira.

Odwala ena, cizindikiro cikazimirira kwa zaka, madotolo awalola kuleka mankhwala. Mwa iwo pafupifupi theka cizindikiro cibweranso, makamaka pa miyezi 6 yoyamba. Koma akayambanso kumwa msanga, pafupifupi onse citsikanso. Wolekera yekha kunyumba alibe womcenjeza.

Cifukwa cace, abale anga, ngati muli ndi wodwala wotere, ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka kapena kwina, musamlole kutaya mapiritsi pakuti wanenepa. Tsiku loyesa mwazi likafika, mperekezeni.